Kiyi Wotsala wa a Kamtedza

Kodi kiyi wotsalayo anali wa loko uti? Funso limeneli linazungulira mudzi wonse wa kwa Mphandula chaka chimenecho, koma panalibe analiyankha. Pa kawaya panali makiyi sikisi, pomwe maloko anali asanu. Edesi anafunsa a komiti ya mjigo, anafunsa apongozi ake, anafunsanso mayi wa zamadzi yemwe anam'patsa ntchitoyo, onse ankangopukusa mitu. Ena ankati mwina ndi wa sutikesi. Mwamuna wake Fanuwelo anamuyesa pa loko wa njinga yake ya kabaza, kiyi uja anakana kulowa.

Kuti mumve bwino, muyambe mwadziwa malo ake. Kumtunda kwa mudziwo kuli mtaya, komwe magalimoto a m'tauni amakhuthula zinyalala: mabatire akutha, zigubu za penti, zotsala za kophera ng'ombe, ndi zina zoti munthu sangazitchule akudya. Kumunsi, cha kudambo, kunali mjigo womwe mudzi wonse unkamwa. Pakati pa mtaya ndi mjigo pali minda, njira ya ngolo, ndi nkhalango ya manda cha kum'mawa. Kalekale bungwe lina linabwera n'kuboola timaenje m'mindamo, n'kuzikamo mapaipi otulukira pamwamba kulekeza m'bondo, iliyonse ili ndi chivindikiro ndi loko wake. Mapaipiwo sanali otungapo madzi akumwa. Anali alonda. Mvula ikagwa pa mtaya, msuzi wa zinyalala umalowa pansi n'kumakwawa pang'onopang'ono, mochedwa kuposa nkhono, kulondola kumene kuli madzi akuya. Munthu akamatunga m'mapaipi aja mwezi ndi mwezi, amauona msuziwo usanafike pa mjigo.

Ntchito imeneyi ankagwira ndi mkulu wina dzina lake a Kamtedza, mpaka tsiku lomwe anatsikira kuli chete. Pamenepo n'kuti bungwe lija litachoka kale ndi mapepala ake. Panapita zaka ziwiri popanda woyeza. Kenako kunabwera Mayi Kalonga, mlangizi watsopano wa zamadzi. Anayenda m'minda, anawerenga mapaipi asanu, anatenga makiyi pa msomali wa m'nyumba mwa mkazi wamasiye, n'kuwapereka kwa Edesi chifukwa ndiye anafika Folomu 4 ndipo ankalemba zooneka.

Edesi anali mtengwa. Anabwera m'mudzimo a Kamtedza atamwalira kale, moti sanawaonepo ndi maso. Kwawo ku Ntchisi anasiyako manda aang'ono a mwana wake woyamba, yemwe anapita ndi matenda a m'mimba ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Tsopano anali ndi wachiwiri kumsana, kamtsikana dzina lake Sungeni, komwe kanali katangoyamba kumene phala ndi madzi. Anzake ankamuseka kuti Edesi amatsuka ndi sopo yemwe asanasambe naye m'manja. Madzi a mwana ankawiritsa kawiri. Koma tsiku lom'phunzitsa ntchito, Mayi Kalonga ananena mawu omwe anamulanda tulo: kuwiritsa kumapha tizilombo, koma poizoni wa m'mabatire ndi m'penti sachoka ndi moto. Akalowa m'madzi, mwana amamwa mwakachetechete, osatsegula m'mimba, osatentha thupi, kungosiya kukula bwino. Njira yake ndi imodzi, kumuona asanafike.

Ndiye Lolemba loyamba la mwezi uliwonse Edesi ankabereka Sungeni, n'kunyamula chikwama. M'chikwamamo munkakhala tepi yaitali yokhala ndi kachitsulo kumapeto, komwe kamalira kuti tiii kakangokhudza madzi, kachubu kotungira, kope, ndi mabotolo asanu ndi awiri: asanu a mapaipi, limodzi la mjigo, limodzi lapadera loti lina likasweka. Pa paipi iliyonse ankatsitsa tepi n'kulemba kuya kwake, ankatunga katatu n'kutaya, kachinayi n'kuthira m'botolo, n'kuliyang'ana padzuwa, n'kulinunkhiza. Fanuwelo ankanyamula mabotolowo pa njinga kupita nawo kutauni kokawayeza. Mwezi wa Epulo zotsatira zinabwera zabwino. Meyi chimodzimodzi. Edesi anayamba kupeza tulo.

Zinayamba ndi botolo.

Lamlungu lina la mu Juni anatsuka mabotolo onse n'kuwavundikira pa thandala, ndipo madzulo anawalowetsa m'nyumba atawerenga. Kutacha anapeza asanu ndi limodzi. Lapadera lija kunalibe. Anasesa pansi pa bedi, anafunsa ana a pafupi, anakayikira ngakhale apongozi ake kuti mwina athiramo parafini. Patapita masiku atatu, m'mbandakucha, atatsegula chitseko kuti akasonkhe moto, analipeza lili chilili pakhonde, lodzaza, lotsekedwa bwino lomwe. Analitola. Linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Madzi ake anali ngati tiyi wosapsa. Kunsi kwake kunamatirira dothi lofiira lonyowa, ndi katsamba kamodzi.

Fanuwelo atatuluka n'kuona katsambako, nkhope yake inasintha. Kanali ka muwanga. Miwanga yonse ya m'deralo inatha kale ndi makala, inatsala ya m'manda yokha, komwe nkhwangwa siloledwa. Anauza mkazi wake kuti aike pansi msanga, asambe m'manja ndi phulusa. Anatenga khasu, anakokera botolo lija pa chigamba cha thumba, n'kukaliponya m'chimbudzi lonse lathunthu. Anati pali wina yemwe ntchito ya mapaipiyi yamuwawa mtima, ndipo akufuna kuwatchera. Edesi sanatsutse. Nayenso ankaganiza chimodzimodzi. Koma tsiku lonse mtundu wa madzi aja sunamuchoke m'maso.

Mwezi wa Julayi kunabwera za tepi. Anali atamaliza paipi yachisanu, dzuwa lili pamutu, akutsika ndi njira ya ngolo yomwe imalambalala manda. Atafika pa chulu chomwe chili m'mphepete mwa nkhalangoyo, m'chikwama munalira kuti tiii. Anaima. Anatulutsa tepi, kachitsulo kaja kanali kouma gwa. Anapita patsogolo masitepe khumi, kanasiya. Anabwerera pa chulu paja, kanayambiranso, mosalekeza, ngati kamizidwa m'madzi. Kunalibe mphepo. Mbalame za m'mitengo ya kumanda, zomwe zimasokosera nthawi zonse, zinali zii. Edesi anamanga mwana molimba n'kuyenda mofulumira osacheuka.

Anaimbira foni Mayi Kalonga, iwo anaseka n'kumuuza kuti batire yatha mphamvu. Anagula yatsopano. Pa chulu paja tepi inalirabe. Nkhani inafika pa mjigo, ndipo amayi ena anayamba kusuntha ndowa zawo Edesi akamafika. A Mpasuka, mkulu wa adzukulu okumba manda, munthu wamfupi wosatha nthabwala ngakhale pa maliro, anamuimitsa tsiku lina panjira.

"Mtengwa, ndamva kuti anthu anga m'nkhalangomu akumakuimbirani foni. Mukawayankha muwauze kuti ayambe kulipira lendi."

"Musamatero, bambo, ine zikundiopsa."

"Akufa saopsa, mayi. Ine ndagwira nawo ntchito zaka makumi atatu, palibe anandibera khasu. Amoyowa ndiye andibera anayi."

Edesi anaseka pang'ono, koma mantha sanachoke. Mayi Kalonga anali atam'tumizira botolo lina lapadera. Ili analibisa m'dengu la zovala za mwana, pansi penipeni. Lamlungu lotsatira nalonso kunalibe, ndipo zovala zinali zopindidwa monga anazisiyira. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse akatenga makiyi pa msomali, asanu aja ankakhala ouma, koma wotsala uja ankakhala wonyowa, ngati wina wangom'gwira kumene ndi dzanja lochokera m'madzi. Izi sanauze mwamuna wake.

Lolemba loyamba la Ogasiti kunacha ndi chifunga chokhuthala. Edesi analawirira kuti amalize dzuwa lisanatenthe. Potsika njira ya ngolo, anaona munthu ataima pa chulu paja. Anali mkulu wamtali, wovala chikhothi chakale ndi chipewa chogwera kumaso. Edesi anapatuka pang'ono n'kupinda bondo monga mwa ulemu, n'kupereka moni. Munthuyo sanayankhe moniwo.

"Mwamaliza, mayi?"

Mawu ake anali otsika, ngati a munthu wolankhulira m'mbiya.

"Ndamaliza, bambo. Onse asanu."

"Asanu," anatero mkulu uja. "Mvula ikubwera."

Kumsana Sungeni anayamba kuseka. Mwanayo ankalira akaona mlendo aliyense, ngakhale agogo ake enieni, koma apa anatulutsa kadzanja m'nsalu n'kumakatambasulira kwa munthuyo. Edesi anatembenuka kuti abweze kadzanjako. Pamene amabwezanso maso, pa chulu panali chifunga chokha. Sanamve mapazi, sanamve tchire kuthyoka. Pa fumbi la m'njira panali mapondedwe a magambutsi, onyowa, mwezi umene ngakhale dambo linali litang'ambika. Phazi limodzi linkaponda bwino, linalo linkakoka. Mapondedwewo analowera m'mitengo.

Sanapite kunyumba. Miyendo inam'tengera kwa a Nangondo, mkazi wa malemu a Kamtedza, omwe anawapeza akusankha mbatata zoti akagulitse. Anakhala pansi osalonjeredwa n'kufotokoza zonse, kuyambira botolo loyamba. A Nangondo ankangosankha mbatata zawo. Koma atamva za phazi lokoka, manja awo anaima.

"Magambutsiwo munawaona?"

"Ndinawaona, mayi. Lakumanzere linali ndi chigamba cha chubu cha njinga, chofiira."

A Nangondo anayang'ana pansi. Anati chigambacho anamata okha ndi manja awo, ndipo magambutsiwo anawaika m'bokosi pamodzi ndi mwiniwake. Anaikamonso kope lake, chifukwa bamboyo sankasiyana nalo, ankagona nalo kumutu, ndipo iwo anaona kuti si bwino kum'tumiza ulendo wautali wopanda kope lake. Panalibe anaganiza zolitsegula kaye.

Kenako ananena zomwe anazisunga zaka zonsezo. Mapaipi sanali asanu. Pamene bungwe lija linkaboola, paipi yomaliza inazikidwa m'munda wa chimanga kunja kwa manda, ndipo akatswiri aja anauza a Kamtedza kuti imeneyo ndiyo yofunika kuposa zonse, chifukwa madzi a pansi amatsetserekera kumeneko asanakhotere ku mjigo. Koma manda amakula. Chaka cha kolera adzukulu anasuntha malire, mwini munda anasamuka, mitengo inamera, paipi ija inapezeka ili m'kati. A Kamtedza anali mdzukulu, ndiye ankalowa popanda wowafunsa. Ankapita m'mawa kwambiri okhaokha, osauza munthu. Ankati anthu akadzamva kuti amatunga madzi m'manda n'kuwaika m'botolo, adzawatcha mfiti, ndipo ntchito yonse idzathera pomwepo.

"Anandilumbiritsa kuti ndisanene," anatero a Nangondo. "Pomwe mayi a zamadzi aja ankatenga makiyi, pakamwa panandiyabwa. Ndinaopa. Ndine wamasiye, mwana wanga. Wamasiye akatchula za kumanda, mawa lake nyumba yapsa."

Edesi anawafunsa ngati malemuwo ananenapo kanthu za madzi a paipi imeneyo. Iwo anati mwezi womwe anayamba kudwala anabwera kunyumba ali ndwii, n'kunena kuti madzi ayamba kusintha nkhope, ndipo mwezi wamawa akaonanso. Mwezi wamawawo sanaufike akuyenda.

Kunyumba nkhaniyi inavuta. Fanuwelo anakana kwamtuwagalu. Anati m'manda salowamo popanda maliro, ndipo wolowamo popanda maliro amaitana maliro. Nanji mkazi woyamwitsa, nanji mtengwa. Apongozi a Edesi anawonjezera kuti mkaka ukhoza kuuma, kapena mwana kuyamba kulira usiku. Anati angouza a zamadzi abwere okha. Edesi anaimba foni, koma Mayi Kalonga anali ku maphunziro kutali mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndipo anati popanda botolo m'manja sangathe kuuza akuluakulu awo kanthu. Mvula imayamba mu Novembala. Mvula ikagwa, msuzi uja umathamanga.

Madzulo ake Edesi anali akumwetsa Sungeni madzi pa kakapu, Fanuwelo akukonza tcheni cha njinga pakhonde. Mwanayo ankamwa mosangalala, madzi akutsikira m'chibwano.

"Bambo a Sungeni, taonani m'mene akumweramu."

Fanuwelo anayang'ana.

"Maliro ine ndinawaona kale, nanunso munalipo. Sanadzere kumanda. Anadzera m'kapu."

Fanuwelo anapitiriza kupukuta tcheni chomwe chinali chitayera kale. M'mawa mwake anagwira tambala wake wofiira, yemwe ankamusungira Khirisimasi, n'kupita naye kwa a Mpasuka.

A Mpasuka anamvetsera osaseka, zomwe anthu amati zinachitika kawiri kokha pa moyo wawo. Anati chitsulo chimenecho amachidziwa, chili pakona ya kumtunda m'kati mwa chitedze, koma iwo ankayesa chizindikiro cha manda a mlendo wakale. Anakumbukiranso kuti a Kamtedza, ali gone pa mphasa, anawapempha kuti adzawaike pakona imeneyo, pomwe ena onse amakana chifukwa cha kuyabwa. Ndiye anatenga tambala uja n'kukapempha chilolezo kwa akuluakulu a mudzi, eni manda. Chinaperekedwa, koma ndi malamulo: alowe dzuwa litatuluka, mwana atsale kunja, asathyole kanthu, asaloze manda ndi chala, ndipo potuluka asambe mankhwala asanakhudze munthu.

Tsikulo anthu anaima patali m'njira ya ngolo, manja ali m'khwapa. A Nangondo anabwera okha osaitanidwa n'kulandira Sungeni. Fanuwelo anafuna kulowa m'malo mwa mkazi wake, koma a Mpasuka anam'funsa ngati amadziwa kuwerenga tepi, iye n'kuvomera kuti ayi.

"Ndiye khalani pompo, achimwene, muzipalasa mtima. Kunoko kulibe pasenjala."

Pa chulu paja a Mpasuka anavula chipewa, anawaza ufa pang'ono pansi, n'kulankhula ngati munthu woodira pakhomo pa anansi.

"Odi eni kuno. Musadzidzimuke, lero sitinabwere ndi munthu. Tabwera ndi botolo. Mtengwayu ndi wathu, ndi amake Sungeni. Tingoyeza madzi tizipita."

M'kati munali mozizira, ndipo masamba ouma ankamira pansi pa mapazi. Edesi ankayang'ana zidendene za a Mpasuka zokha. M'chikwama tepi inayamba kulira chapansipansi, ndipo sinasiye. Atafika pakona ya kumtunda, a Mpasuka anaima mwadzidzidzi moti Edesi anatsala pang'ono kuwagunda. Chitedze chinali chitayanga ponseponse mpaka m'mitengo, koma pakati pake panali kanjira kopondedwa bwino, kokwana munthu mmodzi. Kanjirako kanayambira pa mtumbira wina wopanda mtanda, n'kukathera pa tsinde la muwanga. A Mpasuka, omwe amadziwa njira iliyonse ya m'nkhalangomo, ananena motsitsa kuti aka sanakapondepo ndi iwo.

Paipi inali pamenepo. Udzu wozungulira simenti yake unali wozulidwa. Pa simentipo panali botolo lachiwiri lija, lotsukidwa, lovundikiridwa kuti liume, monga Edesi amachitira pa thandala. Loko, yemwe anakhala pa mvula ndi dzuwa zaka zoposa ziwiri, analibe dzimbiri ngakhale pang'ono. Ankanyezimira mafuta.

Tepi inasiya kulira.

Edesi anatulutsa makiyi. Anasankha wotsala uja, anam'lowetsa. Anatembenuka mofewa ngati supuni m'phala.

Fungo linatuluka chivindikiro chisanatseguke chonse, la dzira lovunda losakanikirana ndi la chitsulo. Edesi anagwada n'kuchita zonse monga anaphunzirira. Anatsitsa tepi, analemba kuya kwake. Anatunga katatu n'kutaya, ndipo pomwe madziwo anagwera panachita thovu. Kachinayi anathira m'botolo n'kulikweza pa kadzuwa kodutsa m'masamba. Unali mtundu womwe uja wa tiyi wosapsa, koma tsopano woderako.

A Mpasuka anatseka mphuno ndi chipewa. "Awa si a anthu anga. Anthu anga ndimawadziwa fungo lawo. Sanunkha batire."

Edesi analemba nambala pa botolo, anatseka loko, n'kuimirira. Asanatembenuke anapeza kuti wapinda bondo moyang'ana ku mtumbira uja, ndipo pakamwa pake panatuluka mawu omwe sanawakonzekere. Anati, "Taona, bambo. Zikomo." Palibe chinayankha. Koma ali m'njira yotuluka, mbalame zinayambiranso phokoso lawo.

Fanuwelo anapalasa njinga tsiku lomwelo mpaka kutauni, botolo atalikulunga m'nsalu yonyowa. Patapita sabata ndi theka, Mayi Kalonga anasiya maphunziro awo n'kufika pa njinga yamoto ndi anthu ena awiri. Pamsonkhano wa pa mjigo, ena anali atayamba kale kunena kuti ndi madzi a mitembo basi, palibe chodabwitsa. Mayi Kalonga anawerenga pepala la zotsatira. Munali mtovu wa m'mabatire ndi mankhwala ena a ku mtaya, zinthu zoti sizichokera m'thupi la munthu. Mapaipi asanu aja ankaonetsa zabwino chifukwa msuziwo unawalambalala, unadzera kum'mawa, pansi pa manda. Madzi a pa mjigo anali akadali abwino. Koma kuchokera pa muwanga uja kufika pa mjigo ndi mtunda woti munthu akhoza kuitana mnzake n'kumvana, ndipo anati mvula ya chaka chimodzi inali yokwana.

Mjigo anaumanga tcheni mvula yoyamba isanagwe. Musaganize kuti anthu anaomba m'manja. Kwa miyezi inayi amayi ankawoloka dambo kukatunga ku mjigo wa kusukulu, m'matope, ndowa pamutu. Ankati mjigo wabwinobwino watsekedwa chifukwa cha maloto a mtengwa. Wina anaimba nyimbo yomunyoza pa mtondo. Edesi ankangowerama n'kumasenza ndowa yake limodzi nawo, ndipo masiku ena nayenso ankadzifunsa ngati sanazunze mudzi pachabe.

Mu Febuluwale, mjigo watsopano utakumbidwa kutsidya, kumtunda kwa sukulu, Mayi Kalonga anabwera kudzayeza wakale uja. Anamasula tcheni anthu akuona, n'kupopa. Poyamba madzi anatuluka oyera. Kenako anayamba kusintha, mpaka m'ndowa yoyera ya pulasitiki munaoneka mtundu uja Edesi anauona koyamba pakhonde pake. Mbuzi ina inabwera, inanunkhiza, n'kubwerera. Mayi yemwe anapeka nyimbo ija anayang'ana mwana wake wa kumsana, kenako anavula mpango kumutu n'kudziphimba nawo kumaso.

Masiku otsatira pakhomo pa Edesi panayamba kufika zinthu: maungu, mazira, mtedza wa m'chikho. Iye ankalandira ndi manja awiri, kenako madzulo n'kuzinyamula kupita nazo kwa a Nangondo. Ankati iye anangotembenuza kiyi. A ku mtaya nawo anakakamizidwa kukumba ngalande ndi dziwe lotchinga msuzi wawo, ndipo mabatire anayamba kuwaika padera. Pa chikumbutso cha chaka chimenecho adzukulu analambula chitedze chonse pakona ija, mudzi unasonkha n'kuika mtanda pa mtumbira wa a Kamtedza, ndipo a Nangondo anayenda kutsogolo, mutu uli m'mwamba, dzina la mwamuna wawo likutchulidwa poyera pamodzi ndi ntchito yomwe ankaibisa.

Mpaka lero Lolemba loyamba la mwezi Edesi amayeza mapaipi onse, ndipo ku yomalizayo amapita ndi a Mpasuka, omwe amadandaula ulendo wonse kuti akufa awapezera ntchito yopanda tambala. Tepi sinalirenso pouma. Botolo silinasowenso. Koma chomwe chinam'khudza Edesi koposa chinachitika patapita miyezi itatu chitsegulireni paipi ija. Anapeza kanjira kaja katayamba kumera udzu, ndipo kiyi anavuta kutembenuka. Atayang'anitsitsa anaona kadontho ka dzimbiri pa loko. Anakhala pa simenti paja n'kulira pang'ono, a Mpasuka atayang'ana kumbali. Mwezi wotsatira anabwera ndi kabotolo ka mafuta a njinga ya mwamuna wake, ndipo kuyambira pamenepo amathira yekha.

Sungeni pano ali ku mkombaphala. Amathamanga, amawerenga mpaka teni, amavuta ngati ana ena onse. Ana athu enafe akumwa pa mjigo wa kutsidyawo, ndipo sitinaike ndi mmodzi yemwe chifukwa cha madzi. Za yemwe anaima pa chulu tsiku la chifunga lija, aliyense ali ndi maganizo ake, ndipo Edesi mwiniwake sakonda kuzikamba. Akafunsidwa amangoti munthu wina anamaliza ntchito yake.

Ndiye ndikupempheni chinthu chimodzi, inu nonse muli ndi ana omwa madzi a pansi. Mukaona kapaipi kotsekedwa ndi loko m'munda kapena m'tchire la kwanu, musakathyole kuti mukagulitse chitsulo, ndipo ana asaponyemo miyala. Kafunseni kuti amayezamo ndani, ndipo anayezamo liti komaliza. Akakuuzani kuti palibe akudziwa, musachoke, funsanibe mpaka apezeke wogwira kiyi.